Abiti Kaya

Kuno ku Milepa dzina lachipongwe silichedwa kumata, ndipo likamata ngakhale mwini wake amayamba kuvomera akamuitana nalo. Mwana wamkazi wa Che Salimu, okonza njinga pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, dzina lake lenileni ndi Ruqaiya. Koma mukanafika kusukulu n'kufunsa za Ruqaiya, ana akanangoyang'anana. Mukanati Abiti Kaya, zala zonse zikanaloza mtsikana wamtali wa hijabu yoyera, wokhala kumbuyo kwenikweni m'Sitandade 3, wamkulu kuposa anzake onse a m'kalasimo.

Dzinali linachokera pa duku. Chaka chake choyamba m'kalasimo aphunzitsi anamuimiritsa kuti awerenge chiganizo cha pabolodi, chakuti amayi avala duku. Ruqaiya anayang'ana, anayang'ananso, kenako anawerenga mokweza ndi mtima wake wonse kuti, "Amayi avala buku." Ana onse anafa nacho chiseko. Pa buleki atsikana anasenza mabuku pamutu n'kumayenda monyang'wa kutsogolo kwake. Ana akapeza poseka alibe chisoni, ndipo ine zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Kuyambira tsiku limenelo Ruqaiya anapeza pobisala. Akamufunsa chilichonse, ankayankha funso lisanathe n'komwe. Ziwiri kuphatikiza zitatu? Kaya. Chilembo ichi ndi chiyani? Kaya. Wamwa phala? Kaya. Mawu amenewa ndi okoma kwa munthu wamantha, chifukwa sulakwa nawo, sukhozanso nawo, anthu amangotopa nawe n'kukusiya.

Sikuti mwanayo anali wopusa, ayi. Ankadziwa mwini wa mbuzi iliyonse yolowa m'munda mwawo, ndipo posenda nandolo panalibe mnzake womupambana. Koma zilembo zinkamusinthira malo m'maso, makamaka b ndi d, ndipo akamuuza zinthu zingapo zoti achite, pofika chomaliza choyamba chija chinali chitathawa kale m'mutu. Anabwereza Sitandade 3, anabwerezanso, anzake oyamba nawo sukulu n'kumusiya pomwepo.

Che Salimu amamukonda mwana wawo, koma ndi munthu wosapirira chinthu chosayenda. Tsiku lina anapita ku Limbe kukagula zitsulo za njinga, ndipo anadzera kwa mlongo wawo Shamima, yemwe anali ndi khanda komanso sitolo ya nsalu. Atabwerako anaitana akazi awo, a Latifa, pamodzi ndi mwanayo pakhonde.

"Amake Ruqaiya, ndalankhulana ndi Shamima. Teremu ino ikatha, mwanayu apite ku Limbe azikalera khanda lija. Sukulu yamukana, tisamukakamize."

"Koma akadali mwana, abambo ake," anatero a Latifa.

"Ndiye timufunse mwini wake. Iwe Ruqaiya, ukufuna sukulu kapena Limbe?"

Ruqaiya ankafuna sukulu. Ngakhale ankamuseka, ankakonda nyimbo za pa asembule, ankakonda netiboli, ndipo pansi pa mtima ankalakalaka tsiku limene zilembo zidzakhazikike malo amodzi kuti aone chimene anzake amaona. Zonsezi zinali m'khosi mwake. Koma pakamwa panatuluka zimene panazolowera.

"Kaya."

"Mwamva nokha," anatero Che Salimu, nabwerera ku njinga zawo.

Teremu yomweyo kusukulu kunabwera mphunzitsi watsopano, Madamu Easter Mukhova, mayi wamfupi wa ku Mikolongwe, wa mawu aakulu ngati a bambo. Iwowa anaphunzira za kaphunzitsidwe ka ana amene maphunziro amawavuta kugwira. Ankayenda pa njinga yawoyawo yokalamba, ndipo njingayo ndi imene inawadziwitsa kwa Che Salimu, pakuti sabata sinkatha tayala lisanaphwe.

Tsono Che Salimu ali ndi khalidwe limene tonse kuno tinalizolowera. Akamakonza njinga amalankhula. Salankhula ndi mwini njinga, salankhula ndi akabaza ochezera pamthunzipo, amalankhula ndi njingayo komanso ndi iwo eni. "Iwe tayala, waphweranji? Tiye tione. Minga palibe. Ndiye vuto si minga. Salimu, usathamange, yamba wamiza chubu m'madzi." Madamu Easter ankakhala pabenchi n'kumamvetsera, akumwetulira okha.

Kusukulu anawapatsa kachipinda komwe kale ankasungiramo ufa wa phala. Anasesamo, anayalamo mphasa, nasankha ana ochepa oti azibwera akatuluka ku buleki. Ruqaiya anali mmodzi mwa iwo, ndipo anakhala pakona monga mwa nthawi zonse.

"Dzina lako ndani, mwanawe?" anafunsa Madamu tsiku loyamba.

"Kaya."

Ana enawo anayamba kuseka, koma Madamu anawayang'ana kamodzi kokha, chiseko chinazima.

"Chabwino. Mawu amenewa ukuoneka kuti umawakonda, tiye tiwalembe." Analemba kaya pabolodi ndi zilembo zonenepa. "Awa ndi ako, sindikulanda. Ndikungopempha chilembo chimodzi, chakumapetochi." Anachifufuta ndi chala, nalembapo e. "Tsopano akuti kaye. Ukanena kuti kaya, watseka chitseko, wathawa. Ukanena kuti kaye, wauza munthu kuti dikirani, ndikubwera. Ndani angakumenye chifukwa chonena kuti dikirani kaye?"

Maso a Ruqaiya anakhala pa e uja nthawi yaitali.

Zimene zinatsatira zinadabwitsa ana onse. Madamu ankalemba samu pabolodi, kenako ankaima kutsogolo kwake ngati munthu wosokonezeka, n'kuyamba kudzilankhula. "Easter, ima kaye. Akufuna chiyani kwa ine? Akufuna ndichotsere. Nanga ndikudziwapo chiyani kale? Ndikudziwa kuti kuchotsera zinthu zimachepa. Ndiyambire pati? Ndiyale zitsekerero za mabotolo." Nthawi zina ankalakwitsa dala, n'kudzigwira pakamwa. "Aa, Easter, wathamanga iwe. Bwerera. Palibe wafa." Akapeza yankho ankadziomba pachifuwa n'kunena kuti, "Wakhoza, Easter!"

Ana ankagubuduka pamphasa ndi chiseko. Mphunzitsi wodzikalipira yekha anali asanamuonepo.

"Sekani, koma kuganiza ndi kumeneku," ankatero Madamu. "Anzanu amene mumati ndi anzeru aja amachitanso zomwezi, kungoti amachitira chamumtima, ndiye inu mumaona ngati yankho limangowagwera. Ife tiyamba mokweza. Mawuwa adzalowa okha m'kati nthawi yake ikakwana. Ndipo ukakhoza, udziuze wekha, osadikira wina."

Sizinayende msanga. Masabata anapita Ruqaiya akunenabe kaya, nthawi zina n'kudzigwira pakati pa mawu, kutuluka chinthu chosamveka ngati mbuzi yatsamwa. Madamu sankamufulumizitsa. Akamufunsa funso ankapinda manja, n'kumayang'ana kudenga ngati alibe kopita.

Tsiku lina analemba mawu awiri moyandikana, buku ndi duku. Ruqaiya anawazindikira nthawi yomweyo. Anayang'ana kukhomo.

"Ruqaiya," anatero Madamu motsitsa mawu, "awa ndi amene anakugwetsa aja. Lero tili ochepa muno. Tiye."

Mwanayo anayang'ananso pabolodi. "Kaye," anatero, mawu ake ngati a udzudzu. "Akufuna chiyani? Akufuna ndisiyanitse." Anayang'ana mawu oyamba, kenako achiwiri. "Ndikudziwapo chiyani?" Madamu anayang'anabe kudenga. Kenako Ruqaiya analoza kudzanja lamanja. "Madamu, zilembozi zimayenda kupita uku eti?"

"Eya, zimapita uko."

"Ndiye uyu ali ndi pakati, mimba ili kutsogolo. Koma uyu wabereka mwana kumsana."

Madamu anayang'ana pabolodi ngati akuona zilembozo koyamba. Mimba ya b inalidi kutsogolo, ndipo d anali ataberekadi. Analiza nthungululu yoti ahedi anatuluka mu ofesi kudzasuzumira pawindo.

"Mwanawe, zimenezi ine ku koleji sanandiphunzitse! Nanga woberekayo ndi wa mawu ati?"

"Ndi wa duku, Madamu. Amayi ovala duku abereka mwana."

"Nanga tsopano unene chiyani?"

Ruqaiya anabisa nkhope m'hijabu, koma mawu anamveka. "Wakhoza, Ruqaiya."

Kuyambira pamenepo mwanayo anagwidwa njala ya zilembo. Akaweruka ankapita kuseri kwa khola la mbuzi, komwe kunali mchenga wosalala, n'kumalemba ndi kamtengo. Ndipo poti ankafuna kuchita ndendende monga kusukulu, pofunsa ankakuza mawu ngati a Madamu, poyankha n'kubwerera ku mawu ake.

Apa ndi pamene nkhani inapindika. Masana ena a Latifa akupeta mpunga kukhitchini anamva mawu aakulu, achilendo, kuseri kwa khola. Anasuzumira. Panali mwana wawo yekha ndi mbuzi. Lichero linawapulumuka m'manja, ndipo anathamangira pansi pa mtengo wa mango.

"Abambo ake Ruqaiya, siyani zimenezo, bwerani mudzamve nokha."

Anthu awiri akuluakulu ananyang'ama n'kukabisala kuseri kwa bafa. Mawu aakulu aja anamvekanso.

"Ruqaiya, ima kaye."

"Ndaima," anayankha mawu aang'ono.

"Akufuna chiyani kwa iwe? Tayang'anitsitsa. Uyu ali bwanji?"

"Ali ndi pakati."

"Wakhoza, Ruqaiya!"

A Latifa anagwira mkono wa amuna awo mpaka zikhadabo kulowa. "Subhanallah! Wadziwa bwanji?"

"Wadziwa chiyani?"

A Latifa anayang'ana pansi. Pakati sipalengezedwa ngati msonkhano wa makuponi, ndipo iwo anali asanauze munthu aliyense, ngakhale mwini wake wa pakatipo. Umu ndi mmene Che Salimu anamvera kuti kunyumba kwawo kukubwera mlendo, atanyonyomala kuseri kwa bafa, sipanala ili m'manja. Chimwemwe ndi mantha zinawafikira nthawi imodzi, koma mantha ndi amene anapambana.

"Amenewa ndi majini," ananong'ona a Latifa. "Akumuuza zinsinsi za m'nyumba."

Che Salimu anatulukira mwadzidzidzi. "Iwe Ruqaiya! Ukulankhula ndi ndani?"

Mwanayo anadzidzimuka, anafufuta mchenga ndi phazi. Bambo ake anali asanamukalipirepo ndi mawu otero. Mafunso onse a Madamu anabalalika, ndipo chitseko chakale chija chinali pafupi.

"Kaya."

Basi, mlandu unatha pomwepo. Che Salimu ananena kuti kachipinda ka Madamu aja ndi kamene kamusokoneza mwana, ndipo kusukulu asapondekonso. Anaimbira foni Shamima kuti asadikire kutha kwa teremu, abwere Lachisanu adzamutenge. Anapemphanso Shehe Ibrahim a pamzikiti wathu kuti akatuluka ku swala, mapemphero a masana, tsiku lomwelo adzere kunyumba, adzamuchitire mwanayo duwa, pemphero lomuteteza, asananyamuke. Ruqaiya anangokhala pakhonde, osalira, ndipo kuseri kwa khola sanapitekonso.

Madamu Easter ataona kuti pakona paja pakhala popanda munthu, anafunsa ana, ndipo ana a kuno sasunga nkhani. Lachinayi akuweruka anaima panjira, anaphwetsa okha tayala la njinga yawo, n'kuikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango. Che Salimu anawalonjera mozizira, koma kasitomala sabwezedwa. Anatembenuza njinga, anatulutsa chubu, ndipo posakhalitsa pakamwa panayamba pokha.

"Iwe, waphweranso? Tiye tione. Thovu palibe. Ndiye sunabooke. Salimu, ima, usamate pachabe. Yang'ana pothirira mpweya."

"Che Salimu," anatero Madamu, "mukulankhula ndi ndani?"

"Ine? Palibe. Ndikuganiza basi."

"Mokweza chonchi?"

"Ndikapanda kutero ndimaiwala pomwe ndayambira."

"Oho. Nanga ashehe anayamba akuchitiranipo duwa?"

Akabaza amene anali pabenchi anaphulika. Wina anachita kugwa chagada. Che Salimu anaima chubu chili m'manja, madzi akudontha.

"Zanga ndi za njinga, Madamu. Nanga mwana uja za pakati akuzidziwira kuti?"

Madamu anaseka mpaka misozi. "Zimenezo mukamufunse mwini wake, ndi nzeru zake, si zanga. Ine ndinangomuphunzitsa kuchita zimene bambo ake amachita tsiku lililonse pano. Mwana wanu sadzawerenga mothamanga ngati anzake, zimenezo sindikunamizani. Koma adzawerenga."

Che Salimu anapukuta manja pa thalauza. "Ngakhale zili choncho, nkhani inatha kale. Ndinamufunsa ndekha ngati akufuna sukulu, anati kaya. Shamima akubwera mawa."

"Mufunseninso. Koma mukafunsa mudikire, ngati mmene mumadikirira guluu pa chubu. Mukafulumira sizimata."

Che Salimu anabwezera chubu m'tayala. Anapopa tayala, nawapatsa njinga yawo.

Lachisanu masana pansi pa mtengo wa mango panadzaza. Nyumba ya Che Salimu ili kumbuyo kwa mtengowo, ndiye zochitika pakhomopo sizibisika. Shamima anali atafika, khanda lili kumsana, akuyang'ana foni pafupipafupi poopa kusowa minibasi yobwerera. Kachikwama ka Ruqaiya kanali katamangidwa kale. Shehe Ibrahim, nkhalamba yofatsa ya ndevu zoyera, anakhala pampando umene anawaikira. Akabaza ankanamizira kupukuta njinga zawo. Tsidya la msewu, pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, panaima Madamu Easter, ndipo sanawoloke.

"Bwera kuno, mwanangu," anatero ashehe. "Usaope. Makolo ako akuti umacheza ndi munthu wosaoneka. Ndi ndani ameneyo?"

Ruqaiya anagwada pamphasa. Maso onse anali pa iye, monga tsiku la duku lija. Milomo yake inatseguka, ndipo ife amene tinali pafupi tinaona ka wa kaya uja atapangika kale. Mtima wanga unagwa. Koma mwanayo anatseka maso.

"Kaye," anatero. "Dikirani kaye, ashehe."

"Ndadikira," anatero ashehe, napinda manja pa ndodo yawo.

"Ndimalankhula ndi ine ndemwe. Mawu aakulu aja ndimatsanzira Madamu. Ndimadzifunsa kuti ndisathawe."

"Nanga wa pakati ndi ndani?"

A Latifa anakokera chitenje m'mwamba. Ruqaiya anatola sipoko ya njinga yothyoka, nalemba zilembo ziwiri pa dothi. "Uyu ndi d. Wabereka, ngati azakhaliwa. Uyu ndi b. Ali ndi pakati, mimba ili kutsogolo."

Ashehe anawerama, anayang'anitsitsa, ndipo mapewa awo anayamba kugwedezeka. "Amake Ruqaiya, majini anu ndi amenewa?"

"Ndiye sankanena za ine?" anatero a Latifa, n'kudzigwira pakamwa mochedwa.

"Alamu!" anakuwa Shamima. "Za inu zotani?"

Chinsinsi chimene majini sanaulule chinaululidwa ndi mwini wake, pamaso pa akabaza onse a pa Milepa. Chiseko chinamveka mpaka kuchipatala. A Latifa anabisa nkhope pa phewa la mlamu wawo, nawonso akuseka.

Che Salimu okha ndi amene sanaseke. Anali kuyang'ana zilembo za padothi zija. Kenako analoza chikwangwani chawo chokhomedwa pa mtengo, chimene mnyamata wina anawalembera ndi penti yofiira kalekale, mwanayo akukwawa.

"Ngati n'zoona, tawerenga apo."

Ine ndinaona kuti pamenepo anaonjeza. Mwana wangotuluka kumene m'madzi, inu n'kumukankhiranso momwemo? Koma Ruqaiya anaimirira, anapita pansi pa chikwangwanicho, naika chala pa chilembo choyamba.

"Ruqaiya, ima kaye," anatero ndi mawu aakulu aja, ndipo palibe anaseka. "Akufuna chiyani? Akufuna ndiwerenge. Ndiyambire pati? Kumanzere." Anapuma. "Bo... bo-ko-ta-la."

Kabaza wina analephera kudzigwira, anatulutsa kachiseko m'mphuno. Ashehe anamuloza ndi ndodo. Chala cha Ruqaiya sichinachoke pa thabwalo.

"Aa, Ruqaiya, wathamanga iwe. Bwerera. Palibe wafa." Anayang'anitsitsa. "Uyu wabereka. Do. Do-ko-ta-la. Dokotala wa nji-nga." Anatsikira mzere wachiwiri. Unamutengera nthawi yoti munthu akanatha kumwa tiyi, koma palibe anasuntha, ngakhale Shamima anaiwala foni. "Ti-ma-ma-ta chu... uyu ali ndi pakati... chubu."

Anatembenuka, anadzigwira pachifuwa, nanena motsitsa, "Wakhoza, Ruqaiya."

Akabaza analiza mabelu a njinga zawo onse pamodzi. Tsidya la msewu Madamu Easter anali atakumbatira mayi wogulitsa tomato amene sankadziwa n'komwe chimene chikuchitika. Che Salimu anayang'ana chikwangwani chawo, chimene mwana wawo wakhala akudutsa pansi pake moyo wake wonse, ndipo maso awo anafiira. Anatsokomola, nanena kuti fumbi la msewuwu lafika poipa.

"Achimwene, nthawi ikutha," anatero Shamima, ngakhale mawu ake anali atafewa. "Tikunyamuka kapena ayi?"

Che Salimu ananyonyomala kuti nkhope yawo ifanane ndi ya mwanayo. "Ruqaiya, ndikufunsenso. Ukufuna sukulu kapena Limbe?"

"Dikirani kaye, ababa."

Ndipo anadikira. Munthu amene sadikira ngakhale tiyi kuti azizire anakhala chonyonyomala, manja ali pamawondo, osaphethira.

"Akufuna chiyani?" anayamba Ruqaiya, tsopano ndi mawu akeake. "Akufuna ndinene za mumtima mwanga. Ndikudziwapo chiyani? Ndikudziwa kuti azakhali amandikonda, ndipo khandali ndimalikonda. Ndikudziwa kuti mwina mayeso ndilepheranso. Ndikudziwa kuti kale sindinkatha kuwerenga chubu, lero ndawerenga. Ndiyambire pati?" Anakweza maso n'kuyang'ana bambo ake, chinthu chimene anali asanachitepo pamaso pa anthu. "Ababa, ine ku Limbe sindikufuna. Ndikufuna sukulu. Ndinkaifuna ngakhale tsiku lija."

Che Salimu anaimirira, anatenga kachikwama kaja, nawapatsa a Latifa. "Kamasuleni. Yunifolomu ichapidwe, Lolemba akupita."

A Latifa analiza nthungululu, ashehe anakweza manja n'kuchita duwa imene anabwerera, koma tsopano yothokoza. Shamima anamukoka Ruqaiya n'kumukumbatira, khanda kumsana likudabwa. Atamusiya anatembenukira mchimwene wake, manja m'chiuno.

"Zonsezi ndasangalala nazo, achimwene. Koma ndiuzeni, mwana wangayu andilerere ndani?"

Che Salimu anavula kofia, anakanda m'mutu, anayang'ana kumsewu. "Aa, pamenepo ndiye kaya."

Ruqaiya anawagwira dzanja, lamafuta a njinga lomwelo.

"Ababa," anatero, "sinthani chilembo chakumapetocho."